Za Mkristu Amene Alemba Anzake Nchito

Mbale wanga mwa Kristu, mau awa ndalembera inu amene Mulungu adakuikirani kanthu m'manja: cigayo, sitolo, galimoto yonyamula katundu, ng'anjo ya njerwa, kapena munda wa fodya ndi mbatatesi umene simungathe kuulima nokha. Ngakhale muli ndi wanchito mmodzi yekha, mnyamata wa pa cigayo kapena mtsikana wogulitsa m'sitolo, phunziro ili ndi lanu. Inunso amene lero mugwirira ena nchito, werengani bwino, pakuti za mawa sizidziwika: wolembedwa wa lero akhoza kudzalemba anzake.

Pa Lamulungu mugwada m'chalichi pafupi ndi wanchito wanu. Nonse awiri muitana Mulungu kuti Atate, mupatsana dzanja la mtendere, ndipo mulandira Ukaristia umodzi kwa wansembe mmodzi. Lolemba m'mawa iye afika pa nchito, avula cipewa, nakuchulani kuti bwana. Kodi ubale wa dzulo uja udatsala pa khomo la chalichi? Funso lathu ndi ili: kodi mkristu angathe kutsogolera malonda ndi cikondi, kukoma mtima ndi cisamaliro, malondawo osagwa?

Ambiri ayankha kuti iai. Iwo ati cisoni cidapha nkhwali. Mukumbukira nthano ija: moto wa lupsa udazinga njoka, nkhwali niimvera cisoni, niinyamula m'khosi nkuuluka nayo, koma itafika kopanda moto, njoka idakana kutsika mpaka nkhwali idafa. Conco ati mwini sitolo wacifundo ndiye nkhwali: abale adzamudyera katundu, angongole adzamuthawa, anchito adzamukwera pamutu. Mau amenewa sitiwataya msanga, pakuti muli coona m'kati mwake, ndipo tidzabwererako. Koma tiyambe tafunsa kuti cikondi cimene Eklezia atiphunzitsa ciyambira pati.

1. Cikondi ciyamba ndi cilungamo

Alipo ena amene apereka thumba la ufa ku parishi, agula nsalu ya pa guwa, dzina lao nilichulidwa pa zolengeza. Koma mnyamata wa pa cigayo cao watha miyezi 3 osalandira kanthu. Munthu wotere asadzinyenge. Cimene wapereka kwa Mulungu ndi thukuta la mnzake. Palibe angapatse munthu mphatso asanamubwezere zake. Cifukwa cake phazi loyamba la cikondi ndi kulipira, kulipira zokwanira, ndi kulipira pa nthawi yake.

Katekisimu wakale, amene makolo athu adaloweza pamtima, achula macimo 4 ofuulira kumwamba kuti Mulungu alange. Limodzi mwa iwo ndi kumana wanchito malipiro ake. Taonani kumene chimo limeneli laikidwa: pa mzere umodzi ndi kupha munthu dala. Cifukwa ciani? Cifukwa mmphawi alibe nkhokwe ina koma manja ake. Mukasunga ndalama yake usiku umodzi, ana ake ndiwo agona ndi njala usiku umenewo. Malamulo a Mose, m'buku la Levitiko mutu 19 ndi la Deuteronomo mutu 24, alamula kuti waganyu alipidwe tsiku lomwelo, lisanalowe dzuwa. Yakobe Woyera, m'mutu 5 wa kalata yake, acenjeza eni minda kuti Mulungu amva dandaulo la okolola amene sadalipidwe. Pali mau awiri amene akristu tiwanena mopepuka, koma ndi olemera pamaso pa Mulungu: "Ubwere mawa." Ngati ndalama ili m'thumba mwanu, mau amenewa ndi chimo.

Wina adzati: "Ine ndilipira monga tidapangana." Tiyeni tione panganolo. M'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zitauma, mai wamasiye abwera kudzapempha ganyu. Mumuonetsa ndime yaikulu yopalira, nimuti mudzampatsa mbale ya gaga. Iye avomera. Kodi wavomera ndi mtima wake, kapena ndi njala ya ana ake? Pa 15 Meyi 1891 Apapa Leo XIII adalemba kalata yochedwa Rerum Novarum, yonena za anchito a m'mafakitale a ku Ulaya. M'menemo adaphunzitsa kuti pangano lokha silikwanira kuti malipiro akhale olungama: ngati wanchito wavomera zocepa cifukwa ca kusowa kapena mantha, munthuyo waponderezedwa, ngakhale adavomera ndi pakamwa pake. Malipiro ayenera kukwanira kusunga munthu amene akhala moyo wodziletsa. Mu 1981 Apapa Yohane Paulo II, m'kalata yochedwa Laborem Exercens, adabwerezanso kuti malipiro olungama a munthu wamkulu ndi amene akwanira kusunga banja lake. Boma nalo liika malipiro ocepetsetsa a nchito zosiyanasiyana. Mkristu satsika pansi pa muyeso umenewo, ndipo akatha kupitirira, apitirire.

Ife ana a dziko la Moçambique sitisowa mphunzitsi pa nkhani iyi. Agogo athu adaidziwa nchito ya cibalo, adalima thonje mokakamizidwa, ndipo manja ao adatupa ndi thabwa lija limene Apwitikizi adalicha palmatória. Malamulo okakamiza kulima thonje adathetsedwa mu 1961, ndipo dziko lidalandira ufulu mu 1975. Koma mtima wa kapitawo sucotsedwa ndi lamulo la boma. N'camanyazi kuti mdzukulu wa munthu wa cibalo acitire mbale wake zimene agogo ake adalira nazo.

Cilungamo cifikanso pa sikelo. Buku la Deuteronomo mutu 25 liletsa kukhala ndi miyeso iwiri, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira. Tiwerengere pamodzi. Mugula cimanga kwa alimi, ndipo sikelo yanu idya makilogalamu 2 pa thumba lililonse la makilogalamu 50. Pa matumba 100 mwatenga makilogalamu 200, ndiwo matumba 4 athunthu. Mukadalowa usiku m'nkhokwe ya mnzanu nkutulutsa matumba 4, mudzi wonse ukadakuchulani mbala. Kodi dzina lisintha cifukwa mwaba masana, pang'onopang'ono, mukumwetulira? Ndowa yoponderezedwa pansi, mafuta othiridwa madzi, ufa wotsalira dala m'cigayo, mcenga wobisidwa m'nyemba: zonsezi ziphwanya lamulo lacisanu ndi ciwiri, loletsa kuba.

2. Munthu aposa cigayo

Koma kulipira bwino si mathero. Munthu akhoza kulipira zonse, napitiriza kuyang'ana wanchito wake monga ayang'anira khasu. M'kalata ija ya 1981, Apapa Yohane Paulo II adaphunzitsa kuti nchito ya munthu ili patsogolo pa cuma ndi zipangizo, pakuti makina ndi ndalama n'zinthu cabe, pamene wanchito ndi cifaniziro ca Mulungu.

Dziyeseni nokha ndi funso ili. Lamba wa cigayo akaduka, mukwera galimoto tsiku lomwelo kupita ku Ulongwe kapena ku Tete kukagula wina. Nanga mnyamata amene apuma fumbi la ufa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, natsokomola mwezi wathunthu, kodi mudamufunsa kamodzi kuti apeza bwanji? Kodi mudamugulira kansalu kochinga pamphuno? Kodi mudamuperekeza ku cipatala? Cimene munthu acithamangira msanga ndico cili pamtima pake.

Cisamaliro cioneka m'zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku. Dziwani dzina la wanchito wanu, mudzi wa kwao, ndi ana amene ali nao. Akaferedwa, mloleni apite ku maliro osadula malipiro ake, ndipo inunso mukaonekere pa siwa. Akadwala, musamucotse ngati nsapato yakutha. Masana adye cakudya cokwanira. Pa Lamulungu apumule ndi kukamva Misa, pakuti lamulo lacitatu silidaperekedwe kwa mabwana okha. Akalakwa, musamutukwane pamaso pa ogula kapena pamaso pa ana ake. Ndalama yotayika ipezekanso, koma ulemu wa bambo wocititsidwa manyazi pamaso pa mwana wake subwerera msanga. Mwana wa msinkhu wa sukulu malo ake ndi ku sukulu, osati m'cigafa ca fodya. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo mtsikana amene mwamulemba m'sitolo muzimuona ngati mwana wanu wamkazi. Bwana amene afuna thupi la wanchito wake kuti amusungire nchito, wacimwira lamulo lacisanu ndi cimodzi, ndipo waonjezerapo chimo lopondereza wosauka.

M'buku la Rute mutu 2 tiwerenga za Bowazi, mwini munda wa ku Betelehemu. Pofika ku munda adalonjera okolola ake m'dzina la Mulungu, iwonso namudalitsa. Ataona mkazi wamasiye wacilendo akukunkha m'mbuyo mwao, adafunsa za iye, adaletsa anyamata ake kumuvuta, adamuitana kuti adye nao, ndipo adauza okolola kuti azimusiyira ngala zina dala. Bowazi adaali munthu wacuma, ndipo sitimva kuti kukoma mtima kumeneku kudamusaukitsa. Kumbukiraninso kuti Ambuye athu Yesu adakulira m'nyumba ya mmisiri, Yosefe Woyera, nagwira nchito ya manja zaka zambiri asanayambe kulalika. N'cifukwa cake mu 1955 Apapa Pio XII adaika 1 Meyi kuti likhale tsiku la Yosefe Woyera Wanchito. Wonyoza munthu wa manja acikakala anyoza nyumba ya ku Nazarete.

3. Citsanzo ca Enrique Shaw

Mwina mudzati: "Bowazi ndi wa kalekale, ndipo Apapa sadagulitsepo kanthu. Tionetseni munthu wa masiku a makina amene adacita zimenezi." Imvani tsono za mkristu wina wa ku Argentina, dziko la ku America wakumwera.

Enrique Shaw adabadwa mu 1921 m'banja lolemera. Amai ake adamwalira iye ali wamng'ono. Adalowa usilikali wa pamadzi akali mnyamata, ndipo mu 1943 adakwatira Cecilia Bunge, amene adabereka naye ana 9. Mu 1945, ali ku United States, adafuna kusiya zonse kuti akakhale wanchito wamba m'fakitale, poganiza kuti ndi momwe angatumikire bwino anchito. Wansembe wina adamulangiza kuti akhale pakati pa eni malonda anzake, nafikitse Mthenga Wabwino kumeneko. Iye adamvera. Adasiya usilikali nalowa nchito pa fakitale ya mabotolo ndi magalasi yochedwa Rigolleau, ku Berazategui, pafupi ndi mzinda wa Buenos Aires, ndipo patapita zaka adakhala mkulu woyendetsa fakitale yonse, imene inali ndi anchito oposa 3,000.

Sadakhale m'ofesi mokha. Ankayenda pakati pa ng'anjo zosungunulira galasi, kuceza ndi anchito ndi kufunsa za mabanja ao. Mu 1952 adayambitsa, pamodzi ndi anzake, bungwe la akristu otsogolera malonda. Adalimbikiranso kuti m'dziko lao mukhale lamulo lopatsa wanchito ndalama yoonjezera molingana ndi banja lake.

Tsono taonani kuti cikondi cake cinali ndi maso. Pa fakitaleyo panali akalipentala okhoma mabokosi onyamulira mabotolo, ndipo zidaoneka kuti kugula mabokosi kunja kunali kochipa koposa kuwakhoma pomwepo. Bwana wouma mtima akadangowacotsa. Bwana wofooka akadawasunga, fakitale niluza mpaka kugwa. Enrique adakambirana nao, nawathandiza kuyamba kooperativa yaoyao, ndipo fakitale idapangana nao kuti izigula mabokosi kwa iwo kwa zaka 5. Motero fakitale idacepetsa zoononga, ndipo akalipentala sadataye cakudya ca ana ao.

Mayeso aakulu adadza mu 1961. Malonda adaali atatsika, ndipo eni cuma a ku United States, amene adaali ndi mphamvu pa kampaniyo, adalamula kuti anchito 1,200 acotsedwe. Nthawi imeneyo Enrique adaali kale ndi matenda a khansa. Adakana lamulolo, nanena kuti akacotsedwa anthuwo, iyenso asiya udindo wake. Adapita ku United States kukaonana ndi eni cuma aja. Sadapite ndi misozi yokha. Adapita ndi ziwerengero, nawaonetsa kuti vutolo linali la kanthawi, ndi kuti anchito odziwa nchito ndiwo cuma ceniceni ca fakitale. Anthu aja sadacotsedwe.

Matenda atakula, adafunika kuikidwa magazi. Anchito pafupifupi 260 adapita ku cipatala kukapereka magazi ao. Iye adawathokoza, nanena mokondwa kuti tsopano m'thupi mwake muyenda magazi a anchito. Adamwalira pa 27 Ogasiti 1962, ali ndi zaka 41. Mu 2021 Apapa Francisco adavomereza kuti munthu ameneyu adasunga makhalidwe acikristu mopambana, limene lili gawo la njira imene Eklezia atsata asanachule munthu kuti ndi woyera.

Mbale wanga, inu mulibe anchito 3,000. Koma funso limene magazi aja atifunsa ndi limodzi kwa tonse: mutagona m'cipatala lero, kodi anchito anu angabwere?

4. Tibwerere kwa nkhwali

Tsopano tiyankhe mwambi uja. Nkhwali sidalakwe populumutsa njoka ku moto. Idalakwa poiika m'khosi mwake osaganiza kuti idzaitsitsa bwanji. Cisoni copanda nzeru ndico cipha; ndipo pa malonda sicipha mwini yekha, cipha onse odya pamenepo. Sitolo ikagwa cifukwa ca ngongole zosabwezedwa, wanchito ataya nchito, ana anu asiya sukulu, ndipo mudzi uyenda ulendo wautali kukagula mcere.

Eklezia sanena kuti phindu n'loipa. Mu 1991, m'kalata yochedwa Centesimus Annus, Apapa Yohane Paulo II adavomereza kuti phindu ndi cizindikiro cakuti malonda ayenda bwino. Koma adaonjeza kuti si cizindikiro cokhaco, pakuti kampani ndi gulu la anthu, ndipo mabuku a ndalama akhoza kukhala bwino pamene anthu ake akunyozedwa. M'fanizo la ndalama zosungitsidwa, pa Mateyo mutu 25, wodzudzulidwa ndi uja amene adakwirira ndalama m'nthaka osapindula nayo. Kotero kulemba zolowa ndi zotuluka m'buku, kuwerengera katundu, kusunga ndalama yokonzera makina, zonsezi ndi nchito za cikondi, pakuti ziteteza mphika umene ambiri adyamo.

Nanga za abale? Apa ndipo ambiri agwa. Amalume abwera, atenga shuga ndi sopo, nati: "Lembani, ndidzalipira pokolola." Mlamu abwereka galimoto, naibweza yopanda mafuta. Inu muopa kukana, kuti angakuneneni kuti cuma cakudzikuzitsani, kapena kuti mudakhwimira. Imvani uphungu uwu. Siyanitsani thumba la malonda ndi thumba la cifundo. Pa phindu lanu patulani gawo lothandizira abale ndi osauka, ndipo popatsa, patsani ndi manja awiri, osalemba m'buku, kupatsa nkuika. Koma katundu wa m'sitolo si wanu nokha: muli malipiro a wanchito m'menemo, muli ngongole ya amene adakupatsani katunduyo. Mukhoza kunena mwaulemu kuti: "Amalume, shuga uyu ndakupatsani ine, musalipire; koma za m'sitolomu sindingathe kukongoza, pakuti si zanga ndekha." Ena adzakwiya, koma mudzakhala mutanena zoona.

Nanga wanchito waulesi kapena wakuba? Kukoma mtima sikutanthauza kutseka maso. Paulo Woyera adadzudzula kolimba akristu a ku Tesalonika amene ankakana kugwira nchito. Bwana amene aona mnyamata akuba natseka pakamwa, amulera kuti adzabe zazikulu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Pa Mateyo mutu 18 Ambuye atipatsa njira yake: yambani mwakamba naye muli awiri, akapanda kumva, itanani mmodzi kapena awiri akhale mboni. Koma musanamuweruze, dzifunseni ngati si inu amene mudamuphunzitsa kuba pomucedwetsera malipiro, kapena pomuonetsa momwe sikelo ikhotetsedwera. Akalapa, mpatseni mpata wina. Akaumirira, mukhoza kumucotsa, koma mumulipire zake zonse monga lamulo linenera, ndipo musamuipitsire mbiri m'mudzi monse kuti asadzapezenso nchito kwina.

5. Cikondi ciyesedwa pa nthawi yovuta

Pa caka ca dzinthu aliyense akhoza kuoneka wabwino. Golide ayesedwa ndi moto, ndipo mwini malonda ayesedwa ndi njala.

Kugula cimanga pa nthawi yokolola ndi kucisunga mpaka dzinja si chimo. Mwalipira matumba, mankhwala a anankafumbwe ndi mtengatenga, ndipo muyenera kupezapo phindu. Koma alipo amene atseka nkhokwe nadikira kuti ana a anansi ao atupe mapazi, mtengo ukwere kawiri kapena katatu. Alipo amene akongoza thumba limodzi mu Januwale kuti adzalandire awiri kapena atatu pokolola, kapena agula cimanga ca mmphawi cikali m'munda pa mtengo wa ciphwanya. Katapila wotere Eklezia adamuletsa kuyambira kale. Buku la Eksodo mutu 22 lilamula kuti amene watenga cofunda ca mmphawi ngati cikole, acibweze usiku usanagwe, kuti munthuyo asagone pa mphepo. Ngati Mulungu asamala za cofunda ca usiku umodzi, nanga za cakudya ca caka cathunthu?

Nthawi zina ndi inu amene muvutika: malonda atsika, mvula yakana, katundu wakwera mtengo, ndipo simuona kumene malipiro a mwezi uno adzacokera. Pamenepo tsatani dongosolo ili. Coyamba, itanani anchito anu, muwauze zoona, muwaonetse momwe zinthu ziliri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kawirikawiri wanchito adziwa potayikira ndalama pamene bwana sadziwa. Caciwiri, yambani ndinu kudzimana. N'cosayenera kuuza wanchito kuti ndalama palibe, inu mukukhoma malata atsopano pa nyumba yaciwiri. Cacitatu, funani njira yogawana vutolo, monga kucepetsa masiku a nchito kwa onse mwa cimvano, m'malo motaya mmodzi. Kucotsa munthu kukhale kotsiriza. Ndipo kukafika, mumuuziretu nthawi ikalipo, mumulipire zonse, mumuthandize kufuna kwina. Enrique Shaw adateteza nchito ya anthu 1,200. Inu mukhoza kuzicita ndi anthu awiri.

6. Kubweza

Mwina powerenga mau awa cikumbumtima canu cakukumbutsani dzina la munthu wina: waganyu amene adatopa nkubwerabwera mpaka adaleka, mai amene mudamupimira ndi ndowa yocepa, mtsikana amene mudamucotsa atatenga pathupi. Musataye mtima. Zakeyo wa ku Yeriko, pa Luka mutu 19, adaali mkulu wa okhometsa msonkho, wolemera ndi cuma ca anthu ena. Yesu sadamupewe, adalowa m'nyumba mwake. Ndipo Zakeyo sadangolira misozi: adalonjeza kupatsa osauka theka la cuma cake, ndi kubwezera kanai aliyense amene adamudyera masuku pamutu.

Katekisimu atiphunzitsa kuti pa chimo la kuba, kuulula kwa wansembe kuyenera kuyenda pamodzi ndi mtima wofuna kubweza. Amene aulula koma natsimikiza kusunga za mwini, sadalape. Tsono usiku uno, mutatseka sitolo, tsegulani buku lanu pamaso pa Mulungu. Lembani maina a amene muli nao ngongole ya thukuta. Ngati simungathe kubweza zonse nthawi imodzi, bwezani pang'onopang'ono. Ngati munthuyo adamwalira, perekani kwa ana ake. Ngati sapezeka konse, perekani kwa osauka. Mawa lomwe konzani sikelo.

Kodi mukacita zonsezi mudzalemera? Sindingakulonjezeni zimenezo. Nthawi zambiri wanchito wosamalidwa asamala katundu, ndipo wogula amene sadanyengedwe abweranso ndi mnzake. Koma ziliponso nthawi pamene wacinyengo apita patsogolo, wolungama natsalira. Mkristu sacita cilungamo cifukwa cilipira. Acita cifukwa Mulungu ndi wolungama, ndipo wanchito ndi mbale wake. Tsiku lidzafika pamene mudzasiya makiyi a sitolo m'manja mwa ena. Pa ciweruzo Ambuye sadzafunsa kuculuka kwa matumba amene mudagulitsa. Iwo adatiuziratu kuti zimene ticitira wamng'ono mwa abale ao, ticitira Iwo amene. Wamng'onoyo mumudziwa: ndi uja amene adzafika mawa m'mawa pa khomo panu, atavula cipewa.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Cifukwa ciani kumana wanchito malipiro kuwerengedwa pakati pa macimo ofuulira kumwamba?
2. Kodi pangano limene munthu wavomera cifukwa ca njala ndi lolungama? Fotokozani.
3. Kodi Enrique Shaw adaphatikiza bwanji cifundo ndi nzeru pa nkhani ya akalipentala?
4. Kodi mwini sitolo angathandize bwanji abale ake malonda osagwa?
5. Kwathu kuno, ndi njira ziti zimene anthu abera anzao pogula ndi pogulitsa? Ife akristu tingacitepo ciani?

Cocita sabata ino: Ndidzalipira aliyense amene ndili naye ngongole ya nchito, ndipo ndidzayesa sikelo ndi ndowa yanga pamaso pa mboni.

Tipemphere: Inu Mulungu Atate, mwini nthaka ndi mvula, zonse zimene tili nazo mudangotisungitsa. Tipatseni caulere canu kuti tiyese ndi muyeso woona, tilipire osacedwa, ndi kuona nkhope ya Mwana wanu mwa onse otigwirira nchito. Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete, mutipempherere. Amen.